Jakisoni Asakhale Choopsezera Mwana: Phunziro Lochokera kwa Mbeŵa

Pa tsiku la sikelo, amayi atakhala pa mabenchi kudikira kuti ana awo ayezedwe ndi kulandira katemera, pali mau ena amene salephera kumveka. Mwana akayamba kuvuta, mayi kapena agogo amaloza namwino n'kunena kuti, "Tonthola msanga, adokotala aŵa akubaya jakisoni." Mau omwewo amamvekanso kumudzi mwana akakana phala kapena akakana kusamba. Kaŵirikaŵiri mwanayo amakhaladi chete, ndipo kholo limaona ngati lapeza njira yachidule yolerera. Koma njira imeneyi ndi ngongole, ndipo wodzabweza ndi mwana yemweyo, mwina kufikira atakula. Chizoloŵezi choopseza ana ndi jakisoni ndi chipatala chiyenera kulekeka, ndipo umboni waukulu wosonyeza chifukwa chake wachokera mu ubongo wa kanyama kamene aliyense amakadziŵa, mbeŵa.

CHIFUKWA CHAKE AMAFUFUZA MBEŴA

M'midzi ya ku Malaŵi mbeŵa zimadziŵika ngati ndiwo za m'chilimwe ndiponso ngati mdani wa mbewu m'munda. M'maiko ambiri akatswiri a sayansi amaŵeta mbeŵa ndi makoswe m'nyumba zofufuziramo, pofuna kumvetsa m'mene thupi limagwirira ntchito. Ubongo wa mbeŵa ndi waung'ono ndithu: sufika ngakhale theka la galamu imodzi, ndipo uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 70 miliyoni. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera kupitirira kilogalamu imodzi, ndipo maselo otere uli nawo pafupifupi 86 biliyoni. Komabe, monga momwe kanyumba ka kumunda ndi nyumba yaikulu ya malata zonse zili ndi khomo, zipupa ndi denga, zigawo za ubongo zimene zimazindikira ngozi zinakhazikika mofanana mwa mbeŵa ndi mwa munthu. N'chifukwa chake zooneka mwa mbeŵa zimaunikira zinthu zimene sizingatheke kuziona mwachindunji m'mutu mwa mwana.

Selo lililonse la mu ubongo limaoneka ngati mtengo. Lili ndi nthambi zambiri zolandirira mauthenga, ndi chingwe chimodzi chachitali chotumizira uthenga kwa maselo ena. Dokotala wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, amene analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1906, ndiye anaonetsa kuti maseloŵa sanalukane ngati ulusi umodzi. Lililonse lili palokha, ndipo limayandikana ndi anzake pa malo ang'onoang'ono olumikizirana. Ambiri mwa malo ameneŵa ali pa timinga tosaoneka ndi maso timene timamera m'nthambi za selo. M'chaka cha 1949, Donald Hebb wa ku Canada anapereka ganizo lakuti maselo aŵiri akamagwira ntchito pamodzi kaŵirikaŵiri, polumikizira pawo pamalimba. Zili ngati njira ya kuchitsime: anthu akamadutsamo tsiku ndi tsiku imakula ndi kuyera, ikasiyidwa imamera udzu. Kuphunzira kulikonse, kaya kuŵerenga kaya kupalasa njinga, ndi kusintha kwa njira zimenezi. Kuphunzira kuopa nakonso n'chimodzimodzi.

M'MENE MBEŴA IMAPHUNZIRIRA KUOPA

Chiyambi cha kafukufuku ameneyu ndi agalu a Ivan Pavlov wa ku Russia. Pavlov anaona kuti galu akamamva kulira kwa chinthu china nthaŵi zonse asanapatsidwe chakudya, amafika pochucha malovu pongomva kulirako, chakudya palibe. Obwera pambuyo pake anatenga njira yomweyo pofufuza za mantha. Mbeŵa imaikidwa m'bokosi limene pansi pake pali tizitsulo. Kaphokoso kamalira kwa masekondi 20 kapena 30, ndipo pothera pake mbeŵayo imamva mphamvu yochepa ya magetsi kumapazi kwa sekondi imodzi kapena masekondi aŵiri. Mphamvuyo siivulaza, koma imadzidzimutsa. Izi zimachitika kangapo kokha. M'maŵa mwake mbeŵayo imaikidwa m'bokosi lina, ndipo kaphokoso kaja kamaliranso popanda magetsi. Nthaŵi yomweyo mbeŵa imauma gwa, osasuntha mwendo kapena mutu, kungotsala kupuma. Umu ndi m'mene mbeŵa ya kutchire imachitira ikaona mthunzi wa mphamba, pakuti chosasuntha sichioneka msanga. Ofufuza amaŵerenga nthaŵi imene mbeŵayo yakhala chiumire, ndipo umenewo ndiwo muyeso wa mantha amene yaphunzira.

Phunziro limeneli limaloŵa msanga kuposa maphunziro ena ambiri. Kuti mbeŵa idziŵe njira yokafika pa chakudya chobisika imayesa kambirimbiri, koma kuopa imatha kuphunzira ndi kamodzi kokha. Ikaphunzira siiŵala msanga. Patapita miyezi, kaphokoso kaja kamaiumitsabe. Ndipo magetsi akakhala amphamvu, mantha amafalikira: mbeŵa imayamba kuumanso ikamva maphokoso ena ongofanana ndi loyamba lija. Makolo akale anaziona zimenezi pamene ananena kuti wolumidwa ndi chakuda amaopa khala lomwe.

ZIMENE ZINAONEKA M'KATI MWA UBONGO

M'kati mwa ubongo muli tizigawo tiŵiri, kena kumanja kena kumanzere, totchedwa amygdala. Dzinali ndi la Chigiriki, ndipo limatanthauza mtedza wa mtengo wina umene tizigawoti timafanana nawo. Uthenga wochokera m'makutu ndi uthenga wa ululu zimakumana pamenepa. Joseph LeDoux ndi anzake a pa New York University anatha zaka zambiri akulondola njira zimenezi mwa makoswe, ndipo m'chaka cha 1997 anaonetsa kuti khoswe akaphunzira kuopa kaphokoso, njira yochokera m'makutu kupita ku amygdala imalimba, kotero kuti uthenga wodzera m'menemo umadzutsa maselo mwamphamvu kuposa kale. Amygdala ikadzuka imatumiza lamulo ku thupi lonse: kuthamanga kwa magazi kumakwera, kupuma kumasintha, miyendo imauma. M'chaka cha 2014, gulu la Roberto Malinow ku San Diego linapitiriza pamenepo. Pogwiritsa ntchito kuŵala koloŵetsedwa mu ubongo wa makoswe kudzera pa kachingwe kopyapyala, anafooketsa polumikizira paja, ndipo makoswewo analeka kuopa. Atalimbitsanso pamalo pomwepo, mantha anabwerera. Apa zinaoneka poyera kuti chikumbukiro cha mantha chimadalira kulimba kwa malumikizano ameneŵa.

Amene anaona kusinthaku ndi maso mwa mbeŵa yamoyo ndi Cora Lai, Thomas Franke ndi Wen-Biao Gan, a pa sukulu ya udokotala ya New York University, amene anafalitsa zotsatira zawo m'magazini ya Nature m'chaka cha 2012. Iwo anagwiritsa ntchito mbeŵa zimene maselo ake ena a mu ubongo amaŵala akaunikidwa. Atagoneka mbeŵa ndi mankhwala, ankapala fupa la mutu mpaka litapyapyala, n'kujambula nthambi za maselo a kutsogolo kwa ubongo ndi makina amphamvu oonera zinthu zing'onozing'ono. Patapita masiku ankabwerera pa nthambi zomwezo n'kuŵerenga timinga tija kamodzikamodzi, monga mlimi aŵerengera mapando a chimanga mumzere. Anapeza kuti mbeŵa zimene zinaphunzira kuopa zinataya timinga tambiri kuposa zinzake. Zimene zinamva kaphokoso nthaŵi ina, magetsi nthaŵi ina, mosatsatana, sizinataye motero. Choncho chimene chinathothola timingato sichinali ululu wokha, koma kuphunzira kuti kaphokoso kamabweretsa ululu. Ndiponso mbeŵa zimene zinataya timinga tambiri ndizo zinkauma nthaŵi yaitali.

M'chaka cha 2016, ofufuza a ku Shanghai, m'dziko la China, motsogozedwa ndi Mu-ming Poo, anayang'ana chigawo cha ubongo chimene chimamva mau. Anapeza kuti m'masiku ochepa mbeŵa itaphunzira kuopa, pamabadwa malumikizano atsopano pakati pa chigawochi ndi amygdala. Motero mantha amagwira ntchito ziŵiri nthaŵi imodzi: kwina amatseka njira, kwina amalambula zatsopano. Chochitika choopsa cha mphindi zochepa chimasiya chizindikiro chenicheni m'thupi, chotheka kujambulidwa ndi kuŵerengedwa, monga momwe bala limasiyira chipsera pakhungu. Mwana amene amanjenjemera akaona yunifolomu yoyera sakuchita mwano. Ubongo wake unalandira phunziro, ndipo ukulitsata mokhulupirika.

KODI MANTHA ANGACHOKE?

Angachepe ndithu, koma osati mwa liŵiro limene anadzera. Njira yake mwa mbeŵa ndi kuiimbira kaphokoso kaja mobwerezabwereza popanda magetsi. Poyamba imauma monga kale. Pang'onopang'ono imayamba kusuntha ndi kununkhiza, mpaka imangodziyendera kaphokoso kakulira. Gulu la Gan litajambula mbeŵa zotere linaona timinga tatsopano tikumera pa nthambi zomwe zija, pafupi kwambiri ndi pamene panathothoka takale. Milimita imodzi itagaŵidwa magawo 1,000, mtunda wake sunkapitirira magawo aŵiri. Ndipo kumeraku kunkayenderana ndi kaphokoso kenikeni kamene kanadzetsa manthawo, osati kaphokoso kena kalikonse. Iyi ndi nkhani yolimbitsa mtima, pakuti ikusonyeza kuti ubongo umatha kudzikonza. Koma umadzikonza pokumana ndi chinthu chenicheni chimene umaopa, mobwereza, popanda choipa chotsatira.

Pali chenjezo lake. Mbeŵa zomwezo zitamvanso kaphokoso kotsatana ndi magetsi, timinga timene tinathothoka kwambiri tinali tatsopano tija. Pavlov anali ataona kale kuti chimene nyama yaleka kuchita chimatha kubwerera chokha pakapita nthaŵi, ndipo Mark Bouton wa ku Vermont anaonetsa kuti khoswe amene waleka kuopa m'bokosi limodzi amayambanso kuopa akamva kaphokoso kaja pamalo ena. M'chaka cha 2008, gulu la Andreas Lüthi ku Basel, m'dziko la Switzerland, linapeza magulu aŵiri a maselo mu amygdala ya mbeŵa: ena amadzuka mbeŵa ikamaopa, ena amadzuka ikaphunzira kuti ngozi yatha. Phunziro lakale silifafanizika lonse, latsopano limangolipondereza. Kubzala mantha kumatenga mphindi, kuŵazula kumatenga masiku ambiri, ndipo mizu ina imatsalirabe m'nthaka ngati ya kapinga, kudikira mvula.

MBEŴA SI MUNTHU

Wina anganene kuti mbeŵa si munthu, ndipo akunena zoona. LeDoux mwiniwake wachenjeza kuti kuuma kwa khoswe kumasonyeza thupi likudziteteza, koma sikuulula zimene nyamayo ikumva mumtima. Komabe zimene zapezeka pa anthu zikugwirizana ndi za mbeŵa. M'chaka cha 1920, John Watson ndi Rosalie Rayner a pa Johns Hopkins University ku Baltimore anatenga mwana wa miyezi 11 amene ankaseŵera ndi khoswe woyera mosaopa. Mwanayo akati agwire khosweyo, iwo ankamenya chitsulo ndi hamala kumbuyo kwake. Atatero kangapo, mwanayo ankalira pongoona khosweyo, ndipo anayamba kuopanso kalulu ndi chovala chaubweya. Kafukufuku wotere lero saloledwa, ndipo ndi bwino kuti saloledwa. M'chaka cha 1924, Mary Cover Jones anachita zosiyana. Mwana wa zaka pafupifupi zitatu amene ankaopa kalulu ankapatsidwa chakudya chimene ankakonda, kalulu ali patali m'kakhola. Tsiku ndi tsiku kaluluyo ankasendezedwa pafupi, mpaka mwanayo anafika pomugwira ndi dzanja.

Pa nkhani yoopseza ana, chofunika koposa ndi chimene Elizabeth Phelps ndi anzake anapeza m'chaka cha 2001. Anthu akuluakulu anauzidwa kuti akaona chizindikiro cha mtundu wakutiwakuti angathe kumva magetsi. Magetsiwo sanaperekedwe ngakhale kamodzi. Komabe chizindikirocho chikaoneka, makina ojambula ubongo ankasonyeza amygdala ikudzuka, ndipo khungu lawo linkachita thukuta. Mbeŵa singauzidwe kanthu, koma kwa munthu mau okha ndi okwanira. Tsono mwana amene wauzidwa kambirimbiri kuti jakisoni ndi chilango cha ana osamvera amafika kuchipatala ataphunzira kale. Singano ikaloŵa, kuŵaŵa kwake kumangotsimikizira zonse zimene anauzidwa.

Ena amati khanda silikumbukira kanthu. Silingafotokoze, inde, koma thupi lake limasunga. M'chaka cha 1997, Anna Taddio ndi anzake ku Toronto anapeza kuti makanda aamuna amene anadulidwa atangobadwa popanda mankhwala oletsa ululu ankasonyeza ululu waukulu polandira katemera pa miyezi 4 kapena 6, poyerekeza ndi amene sanadulidwe.

Makolo ambiri angayankhe kuti kuopseza kumathandiza, pakuti mwana amatonthola. Apa mpofunika kukumbukira mbeŵa ya m'bokosi ija. Nayonso imakhala chete, koma thupi lake lonse lili pa nkhondo. Mwana wotonthozedwa ndi mantha wauma monga mbeŵayo, ndipo ngongole ija yayamba kuŵerengedwa. Katemera sathera pa makanda. Wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndiponso pa miyezi 15. Wa malungo, amene anayamba kuperekedwa ku Malaŵi m'mwezi wa Epulo 2019, amabayidwa kanayi, ndipo komaliza ndi pamene mwana akuyandikira zaka ziŵiri, msinkhu umene amazindikira bwino malo ndi nkhope. Atsikana amalandira katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, ndipo amayi oyembekezera amalandira wa kafumbata. Kuyezetsa malungo, shuga ndi HIV kaŵirikaŵiri kumafuna kadontho ka magazi. Mwana woopa chipatala amabisa kudwala kwake, amazemba pa tsiku la katemera kusukulu, ndipo mayi wotopa ndi kulimbana naye amayamba kudumpha masiku a sikelo. Kafukufuku wa m'chaka cha 2019, amene anasonkhanitsa zotsatira za ofufuza ambiri, anapeza kuti ana ochuluka amaopa singano, ndipo pakati pa achinyamata okula kale, 20 mpaka 30 mwa 100 alionse amaopabe.

Izi sizikutanthauza kuti mantha onse ngoipa. Mwana ayenera kuopa moto, njoka, chitsime chosavundikira, mtsinje wa ng'ona ndi msewu wa magalimoto. Mphamvu yophunzira msanga ndi kusunga nthaŵi yaitali ili m'thupi kuti iteteze moyo. Cholakwa n'kutenga mphamvu imeneyi n'kuimangirira pa namwino, munthu amene ntchito yake ndi kupulumutsa mwanayo.

MAYI AKAKHALA PAFUPI

Kafukufuku wa makoswe waonetsanso udindo wa mayi. M'chaka cha 2006, Stephanie Moriceau ndi Regina Sullivan anaphunzitsa tiana ta makoswe ta masiku 12 mpaka 15 potsatanitsa fungo lina ndi magetsi ochepa. Timene tinali tokha tinaphunzira kuthaŵa fungolo. Timene tinali ndi make pafupi sitinaphunzire kuopa, pakuti kukhalapo kwa make kunatsitsa mankhwala a nkhaŵa m'magazi mwawo, ndipo amygdala sinagwire phunzirolo. Koma mphamvu yomweyi imagwiranso ntchito mbali inayo. M'chaka cha 2014, Jacek Debiec ndi Sullivan anaphunzitsa makoswe aakazi kuopa fungo la chomera chotchedwa peppermint asanatenge bere. Atabereka, fungolo linabweretsedwa ana ali pomwepo. Tianato, timene sitinamvepo magetsi, tinaphunzira kupeŵa fungolo pongomva mantha a make. Mayi amene amatseka maso ndi kunjenjemera singano ikatuluka, kapena amene amakalipa ndi kumenya, amaphunzitsa mwana wake popanda kunena liwu lililonse. Mayi wodekha amakhala chishango.

ZOYENERA KUCHITA

M'mwezi wa Sepitembala 2015, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ochepetsera ululu pa nthaŵi ya katemera, ndipo pafupifupi onse safuna ndalama. Kholo likhalepo pamene mwana akubayidwa. Khanda liyamwe pa nthaŵi yomweyo kapena litatsala pang'ono kubayidwa. Mwana wosafika zaka zitatu afungatidwe ndi womulera, ndipo wamkulupo akhale tsonga m'malo momugoneka chagada. Mwana wamng'ono acheutsidwe ndi nyimbo, nkhani kapena choseŵeretsa. Katemera wa m'kamwa ayambe, ndipo pa majakisoni angapo, woŵaŵa kwambiri akhale womaliza. Malangizowo amaletsanso mau oopseza pamodzi ndi mau onama. Kuuza mwana kuti "sizipweteka" pamene zipweteka kumamuphunzitsa kuti mau a mayi ndi a namwino ngosadalirika. Ndi bwino kunena zoona mwachidule: kuti kuŵaŵa pang'ono, kutha msanga, ndipo mankhwalawo amuteteza ku chikuku.

Ogwira ntchito m'zipatala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, ali ndi mbali yawo. Mzere ukakhala wautali ndipo dzuŵa lakwera, n'kosavuta kukalipira mwana wolira kapena kuseka mayi wamantha. Ena amavomera kukhala choopsezera, n'kukweza singano m'mwamba kuti mwana atonthole. Wotero akuwononga ntchito yake yomwe, pakuti mwana yemweyo adzabweranso mwezi wamaŵa ali wovuta koposa. Kupereka moni kwa mwana, kumutchula dzina, ndi kusakonzera singano pamaso pake ndi zinthu za mphindi imodzi. Tsiku loyeza kulemera kokha, limene palibe jakisoni, ndi mwayi waukulu: mwana amaona yunifolomu, amamva fungo la chipatala, n'kubwerera kwawo osapwetekedwa. Ulendo uliwonse wotere uli ngati kaphokoso kopanda magetsi.

Mwana amene anagwidwa kale ndi mantha sathandizidwa ndi kukwapulidwa kapena kusekedwa, chifukwa zimenezo ndi kuwonjezera ululu pa kaphokoso. Kumusunga kunyumba nakonso sikuthandiza, pakuti ubongo umene sukumana ndi chimene umaopa supeza mpata wophunzira kuti ngozi palibe. Njira ndi ya kalulu uja: kuyambira patali, kusendera pang'onopang'ono, ali ndi munthu amene amamukhulupirira. Mantha akabwerera tsiku lina, kapena pa chipatala china, kholo lisataye mtima, pakuti ndi m'mene ubongo umachitira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akuluakulu nawonso amafunika chifundo chomwechi. Si zachilendo kuti bambo wamphamvu akomoke poona singano, kapena kuti mayi amene anavutika pa uchembere wapitawo aope kubwerera kuchipatala. Sizodabwitsanso ngati wopulumuka namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera m'mwezi wa Malichi 2023, asoŵa tulo mvula ikayamba kugunda pa malata. Kumeneku si kufooka mtima ndipo si kulodzedwa. Ndi njira za mu ubongo zimene zinalimba pa tsiku loopsa. Woona kuti mantha akumulepheretsa kugona, kugwira ntchito kapena kulandira chithandizo auze wa zaumoyo mosabisa, ndipo ngati n'kofunika atumizidwe kwa odziŵa za umoyo wa m'maganizo ku chipatala cha boma la kwawo. Mbeŵa ya manyazi inafera kuuna.

Kulera mwana n'kovuta, ndipo kholo lotopa limagwira chilichonse chimene chili pafupi kuti pakhomo pakhale bata. Palibe mayi amene amaopseza mwana wake ndi jakisoni pofuna kumuchita choipa. Koma tsopano zadziŵika kuti mau amenewo amamanga njira mu ubongo, ndipo njirayo imachotsa munthu ku chipatala pa nthaŵi imene akuchifuna kwambiri. M'mera mpoyamba. Mwana wokana phala alangizidwe za phalalo, ndipo wosamvera adzudzulidwe pa kusamverako. Dzina la namwino litchulidwe pakhomo monga limatchulidwira la azakhali, kuti tsiku limene mwanayo adzadwale, kaya ali ndi zaka zisanu kaya makumi asanu, adzapite yekha ku chipatala matenda asanakule.